Ikatseka Shoprite, kaokala ka pa Migowi kapirira bwanji?

Achinyamata anzanga, tiyeni tikambe za mashopu.

PTC mukuikumbukira? Press Corporation inaigulitsa mu 2022, pasanathe nthawi zitseko zinatsekedwa, antchito n'kubwerera kumudzi. Mu 2025 Shoprite nayo inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu m'Malawi muno. Awatu ndi akuluakulu, okhala ndi maloya komanso mabanki kumbuyo kwawo.

Nanga mayi wa golosale pa Migowi kapena pa Chiringa? Katundu amakaoda ku Limbe. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola akusowabe. Ndiye akagulitsa katoni ya sopo lero, ndalama yomweyo siigulanso katoni ina akapita kukaoda. Mpamba umatha chonchi, pang'onopang'ono, mashelefu n'kuyamba kuyera. Makasitomala akenso ndi alimi a nandolo omwe Freddy anawakokolera minda mu Malichi 2023. Agula ndi chiyani? Ngongole basi, kope n'kudzaza.

Mukandifunsa kuti atsatire kutseka ndani, ndinena kuti ndi a hadiweya ndi a kaunjika, poti katundu wawo wambiri amafuna madola. Ogulitsa mchere ndi matemba apirirako.

Ndiye ife amadigiri amatiuza kuti "dzilembeni nokha ntchito". Pa mpamba uti, bwana?

Sabata ino yendani pa msika wanu, werengani mashopu otsekedwa, jambulani zitseko zokha osati nkhope za anthu, mutumize ku gulu lino. Tikufuna tikawapatse aphungu athu a Phalombe chiwerengero chenicheni, ayankhe ali maso.