Phulusa lathu lisapite ulele

Alimi anzathu, palibe mayi wa kumudzi amene sadziwa kucheza chidulo. Timawotcha zitsononkho, masangwi a mtedza kapena makoko a nthochi, phulusalo n'kuliika m'kachitini koboola pansi, n'kuthira madzi. Madzi amene amadonthawo ndi amene amafewetsa thelele ndi nkhwani. Zimene agogo athu ankachita pamafuwa, lero akatswiri a sayansi akuzichita m'malo awo ofufuzira zinthu, ndipo nkhaniyi ikukhudza thumba la mlimi.

Mphamvu ya chidulo imachokera ku mchere wa potaziyamu umene mbewu imakoka m'nthaka. Mbewu ikapsa, mcherewo umatsalira m'phulusa. Popanga mankhwala ndi mafuta, mafakitale amafuna chinthu chofulumizitsa kuti zosakanizazo zigwirizane msanga, ndipo nthawi zambiri amagwiritsa ntchito soda waukali wochita kugula, amene zotsalira zake zimaipitsa madzi. Phulusa la zomera likutha kulowa m'malo mwa sodayo pa ntchito zina.

Kudera la Assam, m'dziko la India, anthu ali ndi chidulo chawo chotchedwa khar, chochokera ku nthochi. M'chaka cha 2011 akatswiri a kumeneko adaonetsa kuti phulusa la thunthu la nthochi limathandiza kusandutsa mafuta a njere za mtengo kukhala dizilo. Mu 2015 anzawo a pa yunivesite ya Dibrugarh adagwiritsa ntchito madzi a phulusa la makoko a nthochi pa njira ina yofunika kwambiri popanga mankhwala, yotchedwa Suzuki, popanda kutenthetsa pamoto. Tisanamizane: phulusa palokha silikwanira. Popanga dizilo pamafunikabe methanol, ndipo pa njira ya Suzuki pamafunikabe chitsulo chodula cha palladium. Koma mbali imene phulusa likugwira ndi yomwe kale ankalipira ndalama.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Pa matumba 5 aliwonse a mpunga wosapuntha, pafupifupi thumba limodzi pa kulemera kwake ndi mankhusu, ndipo phulusa la mankhusuwo ndi lodzaza ndi silika, yemwenso akatswiri amagwiritsa ntchito. Pitani pa zigayo za ku Karonga, Nkhotakota kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mukaone milu ya mankhusu ikungofuka utsi. Ku Mchinji ndi ku Kasungu makoko a mtedza nawo ali mbwee.

Nkhawa zathu ndi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti phulusa likadzapeza msika, mavenda ndi amene adzayambe kudziwa, n'kumatola ulele zinthu zomwe tidakhetsera thukuta. Ena mwa ife sitidaiwale za jatropha, amene tidabzala titamva kuti dizilo ali pakhomo, koma phindu lake osalioneka. Yachiwiri ndi yakuti ena adzathamangira kutentha mapesi m'munda pofuna phulusa logulitsa. Kumeneko n'kugulitsa chonde cha ana athu. Mapesi ntchito yake ndi kuphimbira nthaka ndi kupanga manyowa. Moto umathamangitsa nayitirojeni, yemweyo amene timamugula modula m'thumba la feteleza.

Choncho maganizo athu ndi awa. Zotsalira za m'munda zitsale m'munda. Zokhazo zomwe zimaunjikana pachigayo, popunthira ndi potongolera, komanso phulusa la pamafuwa, ndi zimene makalabu athu ayambe kusonkhanitsa ndi kusunga posanyowa, chifukwa mvula imatsuka potaziyamu. Msika ukachedwa sititaya kanthu, pakuti phulusa lomwelo limathandiza nthaka yowawasa.

Tikupemphanso akatswiri athu a ku Bunda, ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo kuti ayeze phulusa la mbewu zathu ndi kutiuza zotsatira zake m'Chichewa, kudzera mwa alangizi. Ndipo pamene boma kapena makampani adzakhale pansi kukambirana za mtengo, mlimi adzakhalepo, osati kudzangomva pawailesi. Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, funso likhale ili: kodi mankhusu athu akatsala pachigayo, mwini wake ndani?