Siyani kuopseza magulu a pa foni

Akuluakulu ena m'dziko muno akaima pa nsanja amati magulu a pa WhatsApp ndi Facebook ndi a anthu osowa chochita, odzaza miseche ndi mabodza. Posakhalitsa timamva kuti wina wamangidwa chifukwa cha zomwe analemba kapena kutumiza pa gulu, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 loona za pa intaneti. Zimenezi zimandiwawa. Akuluakuluwa aiwala amene anafika msanga tsiku lomwe zinthu zinavuta.

Mu Januwale 2021, Covid-19 itafika poipa, zipatala zathu zinalibe mpweya wa okosijeni wokwanira. Wodwala wina analemba pa Facebook ali gone m'chipatala, kupempha kachipangizo kolumikizira pa silinda ya mpweya. Anamwalira. Mlembi Onjezani Kenani anamema anthu pa Facebook pomwepo, ndipo Amalawi a kuno kumudzi, a ku Joni ndi a ku Mangalande anasonkha mamiliyoni ambirimbiri. Anagula masilinda ndi zipangizo zina, n'kumauza anthu poyera ndalama zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. M'miyezi yomweyo, kafukufuku wa boma anapeza kuti gawo la K6.2 biliyoni ya Covid linathera m'ma alawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata malamulo. Ndiye osowa chochita ndi ati pamenepa? Abodza ndi ati?

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inakokoloka, misewu n'kuduka, magetsi n'kuzima. Anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Mayi wofuna mwana wake sanadikire msonkhano wa atolankhani. Chithunzi cha mwanayo chinayenda pa gulu la mpingo, n'kufika pa gulu la m'dera, n'kupitirira. Pa magulu omwewo ndi pomwe anthu anadziwira mlatho womwe waduka, sukulu yomwe yasanduka kampu, ndi kumene kukusoweka ufa, zofunda ndi zidebe. Ena ankangolemba mawu opepesa usiku wonse kuti mnzawo woferedwa asadzimve kuti ali yekha, ndipo imeneyonso ndi ntchito yaikulu.

Akuti mabodza. Inde, alipo. Koma bodza linayamba ndi foni? Kumsika kulibe? Pachigayo nanga? Ndani anatsekapo msika chifukwa wina ananamako? Bodza limakula ofesi yoyenera kulankhula ikakhala duu masiku atatu, ndipo kawirikawiri amene amalitsutsa msanga ndi mnzathu wa pa gulu lomwelo amene ali pamalopo ndipo akuona ndi maso ake. Chomwe akuluakuluwa amadana nacho kwenikweni si bodza ayi. Amadana ndi funso lakuti chimanga cha chithandizo chapita kuti, likamafunsidwa ndi anthu mazana nthawi imodzi.

Pamwamba pa kuopsezako, mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi ma SMS, ngati kulankhulana ndi chinthu cha manyado. Mphawi amene bandulo imamuthera ndi yemweyo amene nyumba yake imayamba kugwa.

Mvula ibweranso, kolera nayenso sanapite kutali. Aphungu athu, konzani lamulo lija kuti munthu asagone m'chitokosi chifukwa chofunsa, ndipo chotsani msonkho pa data.