Nkhope zawo amazifuna, madandaulo awo amawafufuta

Mu 1968, Mayi Sislin Fay Allen, namwino wochokera ku Jamaica, adasiya ntchito pachipatala china ku Croydon n'kukhala mayi woyamba wachikuda kuvala yunifomu ya polisi ya London. Atolankhani adawathamangira ndi makamera. Makalata achipongwe nawo adayamba kufika, akuluakulu n'kumangowabisa.

Nkhani ya Mayi Carol Howard, wapolisi winanso wachikuda, ndiyo imatipweteka kwambiri. Mu 2012, pokonzekera masewera a Olympics, polisi yomweyo idanyadira chithunzi chawo atanyamula mfuti, kuti dziko lione kuti zinthu zasintha. Mu 2014, khoti la zantchito lidapeza kuti bwana wawo ankawazunza chifukwa ndi mkazi komanso wachikuda. Choipitsitsa n'chakuti mawu onena za tsankho adachita kufufutidwa mu lipoti la dandaulo lawo. Adawapatsa chipukutamisozi cha mapaundi opitirira 37,000, koma ndalama zotere sizibweza mtima woikonda ntchito.

Wapolisi wachikuda wamkazi amasenza mitolo iwiri pa nkhata imodzi. Akadandaula za tsankho la khungu, amamulozera mwamuna wachikuda amene wakwezedwa. Akadandaula zonyozedwa ngati mkazi, amamulozera mzungu wamkazi wa nyota paphewa. Iye amatsala pakati, akumutcha wovuta. Akaweruka, abale ake ena amamufunsanso chifukwa chake adalowa gulu lomwe limasecha ana awo m'misewu tsiku ndi tsiku.

Lipoti la Macpherson la 1999, lotsatira kuphedwa kwa mnyamata wachikuda Stephen Lawrence, lidanena kale kuti tsankho lidazika mizu m'polisi ya London. Mu 2023, Baroness Louise Casey adapeza zomwezo, n'kuwonjezera kunyoza akazi. Adapezanso kuti mwayi woti wapolisi wachikuda atsegulidwire mlandu wophwanya mwambo udaposa wa mzungu ndi 81 peresenti. Mkulu wa polisiyo, Sir Mark Rowley, adavomera zolakwikazo koma adakana kunena kuti matendawa ndi a bungwe lonse. Ife tikuti pamenepo adalakwitsa.

Amalawi ndi Azambia ambiri akulera ana aakazi ku Britain, ndipo ena mwa anawo adzafuna ntchitoyi. N'chifukwa chake tikupempha kuti madandaulo a tsankho azifufuzidwa ndi anthu a kunja kwa polisi, osati anzake a wodandaulidwayo, ndipo ziwerengero za okwezedwa, olangidwa ndi osiya ntchito zizionetsa amayi achikuda paokha chaka ndi chaka.