Mako ndi mako, ngakhale pa kanema

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu ndikufuna ndiwatsine nawo khutu achinyamata amene agwira kamera masiku ano, ndipo mboni yanga ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal.

Bamboyu anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, mwana wa msodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Anamangako nyumba, anamenyako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako n'kukanyamula katundu padoko la Marseille ku France. Kumeneko ndi kumene anayamba kulemba mabuku m'Chifalansa, ndipo dzina lake linamveka. Koma chinamuwawa n'chakuti anthu amene ankawalemba m'mabukuwo, ambiri sankatha kuwerenga. Ali pafupi zaka 40 anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula mafilimu, kuti nkhani zake zifike kwa eni ake.

Mu 1968 anatulutsa Mandabi, filimu ya m'Chiwolofu, chilankhulo cha m'misika ya ku Dakar. Nkhani yake njapafupi. Bambo wina wosagwira ntchito walandira ndalama papositi kuchokera kwa mwana wa mlongo wake wa ku Paris. Kuti azitenge, akufuna chiphaso. Kuti apeze chiphaso, akufuna kalata yakubadwa ndi chithunzi. Akuzungulira m'maofesi thukuta lili kamukamu, uku achibale ndi angongole adzaza kale pakhomo, ndalama asanaione n'komwe. Ndani mwa ife sanaimepo pamzere wotere? Filimuyi inapata mphoto pa mpikisano wa mafilimu ku Venice chaka chomwecho. Azungu anawerenga mawu apansi pa chithunzi, koma a ku Dakar anamva ndi makutu awo.

Kuno kwathu kujambula kwapepuka, foni yabwino ikukwanira. Komabe mupeza filimu ya kumudzi, agogo ali pamkeka, akudandaula za njala m'Chingerezi cholobodoka. Wosewera amakhala kalikiliki kukumbukira mawu, nkhope n'kuiwala kulira. Ena amati Chichewa sichigulitsa kunja, ndipo n'zoona kuti msika wake ngochepa. Koma woonera wakunja safuna kuona dziko lake litakoperedwa molakwika. Amafuna kuona zimene kwawo kulibe.

Wotsogolera filimu ntchito yake n'kuchititsa woonera kukhulupirira zimene akuona. Ayambe ndi kukhutiritsa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Limbe. Mayiyo akaseka pamalo oyenera kuseka, za ku Venice zidzabwera pambuyo.