Gulu lisankhe bwalo lofikira onse

Alimi a kachewere ku Tsangano ndi ogulitsa ndiwo zamasamba pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, ayenera kufatsa posankha pokambirana za gulu lawo pa foni.

Achinyamata odziwa makompyuta amayamikira Signal poti kapangidwe kake n'kosabisa, aliyense atha kukaunika. Koma mayi wa pamsika amakwanitsa bandulo ya WhatsApp yokha, ya Airtel kapena TNM. Bwalo lopanda anthu si bwalo.

Komabe WhatsApp ili ndi eni ake, kampani ya Meta. Pa 4 October 2021 idazima pafupifupi maola 6. Choncho gulu lizicheza pomwepo, koma ngongole ndi zopereka zizilembedwa m'kaundula. Chuma sasungira m'nyumba ya eni.