Mphumu ya Mwana Isalepheretse Mayi Kuphunzira Unamwino

Pakati pa atsikana amene amakhoza mayeso a Fomu 4 m'sukulu za m'Chigwa cha Shire alipo ena amene ali kale ndi ana. Kuyambira m'chaka cha 1993, pamene boma linalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu, njira ya maphunziro inatsegukanso kwa iwo. Ena mwa atsikanawa mtima wawo uli pa unamwino, ndipo safunika kupita kutali, pakuti ku Muona, m'boma la Nsanje, kuli koleji ya Trinity imene imaphunzitsa anamwino ndi azamba pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Komatu kalata yoitana ikafika pakhomo pamene pali mwana wodwala mphumu, chimwemwe chimazirala msanga. Akuluakulu amakumbutsa mtsikanayo kuti mapanga awiri avumbwitsa, namuuza kuti ayambe walera mwana, za sukulu adzaziona m'tsogolo. Uphungu umenewu umachokera m'chikondi, koma kawirikawiri m'tsogolo mmenemo simufika.

Nkhawa ya akuluakuluwa si yachabe ayi. Maphunziro a unamwino ndi uzamba amatenga zaka zosachepera zitatu, ndipo sathera m'kalasi mokha. Wophunzira amagwira ntchito m'mawodi usana ndi usiku, amatumizidwa ku zipatala zina kutali ndi kwawo, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi silipereka chiphaso kwa munthu amene sanakwaniritse ntchito yonseyi. Chigono cha ophunzira nachonso si malo olererapo mwana. Tsono mayi wotere adzakhala masiku ambiri osagona nyumba imodzi ndi mwana wake.

Mphumu nayo ili ndi khalidwe lake loopsa. Ndi matenda a timisewu ta mpweya ta m'mapapo, timene timatupa m'kati, n'kufinyika ndi kudzaza mamina, kotero kuti mwana amatsokomola, amabanika ndipo m'chifuwa mwake mumalira ngati wenzulo. Imakonda kuvuta usiku ndi m'bandakucha. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 262 miliyoni pa dziko lonse anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka. M'chigwa muno zoiputa nzochuluka: utsi wa nkhuni m'khitchini, utsi wa nzimbe zikamatenthedwa m'minda ya ku Nchalo, fumbi la m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni, ndiponso chimfine chimene ana amapatsirana.

Komabe funso loyenera kulifunsa ndi ili: kodi mwana akabanika pakati pa usiku, chimamupulumutsa nchiyani? Si nkhope ya mayi wake, ngakhale kuti imatonthoza. Chimamupulumutsa ndi mankhwala oyenera amene ali pafupi, ndi munthu wodziwa kuwapereka. Mankhwalawo ndi a mitundu iwiri, ndipo onse ndi opopera m'kamwa. Oyamba, monga salbutamol, amatsegula timisewu tija m'mphindi zochepa mwana akabanika. Achiwiri, monga beclometasone, amachepetsa kutupa, ndipo amaperekedwa tsiku ndi tsiku ngakhale mwana akuoneka wabwino, malinga ndi malangizo a achipatala. Mwana wamng'ono sakwanitsa kukoka mpweya nthawi yomweyo imene mankhwala akupoperedwa, choncho amafunika kachubu koti mankhwalawo ayambe adikiramo. M'chaka cha 1999 dokotala Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, loboola kumatako kwake, limagwira ntchito imeneyi mofanana ndi kachubu kogula.

Umboni wina ngwa kuno kumudzi. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, nasindikizidwa m'chaka cha 2021, anatsata ana 120 odwala mphumu. Ana amene mankhwala awo anaunikidwa bwino, ndiponso iwo ndi owasamalira anaphunzitsidwa za matendawa, anapezako bwino ndipo sankajomba kusukulu ngati anzawo. Chofunika kuchizindikira nchakuti ophunzitsawo sanali madokotala. Anali anthu wamba amene anangosulidwa pa ntchitoyo. Ngati luso limeneli likutheka kwa munthu wamba, ndiye kuti agogo a ku Makhanga kapena bambo wa ku Ngabu angalidziwenso.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mayi asananyamuke, banja likhale pansi ndi kusankha munthu amene atsale ndi mwana, ndi wina wachiwiri womulowa m'malo. Pakati pa Amang'anja udindowu umagwera kawirikawiri agogo a kuchikazi ndi amalume, pamene pakati pa Asena akuchimuna ndiwo amakhala ndi mawu aakulu pa mwana. Mwambo uli wonse uli ndi anthu okwanira. Chimene chimasowa ndi kuwatengera anthuwo kuchipatala kuti akaone ndi maso awo mmene mankhwala amapoperedwera, nayesa ndi manja awo namwino akuwayang'ana. Bambo wa mwana asathawe phunziro limeneli ponena kuti kudwazika ndi ntchito ya amayi. Dzanja limene limapalasa bwato kapena kupopera thonje silingalephere kugwira kabotolo.

Otsala ndi mwanawo adziwenso zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche. Mwana akalephera kulankhula, kuyamwa kapena kumwa chifukwa cha befu, nthiti zikamalowa m'kati popuma, milomo ikasintha mtundu, kapena akafooka ndi kumangosinza, apatsidwe mankhwala otsegula aja ndi kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Auzidwe momveka kuti mphumu sipatsirana, ndiponso kuti mankhwala opopera si chizindikiro chakuti matenda afika pa mapeto, monga ena amakhulupirira. Mwanayo asagone mmene mukufuka utsi, ndipo wosuta fodya asutire panja.

Palinso chinthu chimene munthu wa m'chigwa sangachiiwale, ndicho madzi. Mu Januwale 2015, mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, misewu ndi milatho inaduka, ndipo midzi yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje inakhala masiku osafikirika. Banja la mwana wa mphumu lisalowe dzinja ndi kabotolo kamodzi kotsala pang'ono kutha. Lipemphe mankhwala kuchipatala mvula isanayambe, ndipo liwasunge pamodzi ndi buku la kuchipatala m'thumba la pulasitiki, pamalo podziwika ndi aliyense m'nyumbamo.

Aphunzitsi ali ndi mbali ziwiri pa nkhani imeneyi. A ku sekondale ndiwo amafunsidwa nzeru mtsikana akagwira njakata, ndipo mawu awo amalemera pamaso pa makolo. Asamuuze kuti asankhe pakati pa mwana ndi sukulu asanamuthandize kuona ngati mwanayo angasamalidwe bwino iye atachoka. A ku pulaimale ndi a sukulu za mkomba phala ndiwo amakhala ndi mwanayo masana. Adziwe dzina lake, alole kuti mankhwala ake akhale pafupi, ndipo asamupatse ntchito yosesa m'kalasi ya fumbi.

Nawo akuluakulu a makoleji a unamwino angachite bwino kufunsa wophunzira aliyense pa tsiku loyamba ngati wasiya kunyumba mwana wodwaladwala, ndi kukonza njira yodziwika yoti wotereyo akaitanidwa mwadzidzidzi apite, nadzabweza masiku ake a m'wodi pambuyo pake. Kutero si kufewetsa maphunziro. Wophunzira nayenso asabise vuto lake poopa kuchotsedwa, pakuti chobisika sichipeza thandizo.

Zipatala za ku Nsanje, Chikwawa, Ngabu, Nchalo ndi Muona zimafuna anamwino amene sathawa kutentha kwa Okutobala, amene amamva Chisena ndi Chimang'anja, ndipo kwawo nkomweko. Mtsikana wa m'chigwa amene walera mwana wa mphumu akudziwa kale mantha a kholo limene lafika pa wodi usiku ndi mwana wobanika kumsana. Kumubweza pakhomo nkutaya namwino amene chigwachi chikumusowa, pomwe mphumu ya mwanayo sichira chifukwa chakuti mayi wake wasiya sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Banja, aphunzitsi ndi koleji akagawana katunduyu, mwana adzapuma bwino ndipo mayi wake adzavala yunifolomu yoyera.