Anthu 53 aja ankadziwa chimene ankaonera

Mu Disembala 2017 kampani ya Netflix idalemba uthenga wanthabwala pa Twitter. Idafunsa anthu 53 amene adaonera filimu ya A Christmas Prince tsiku lililonse kwa masiku 18 kuti kodi adawapweteka mtima ndani. Ambiri adafa nalo phwete, ena adakwiya poona kuti kampani ikhoza kusuzumira zimene munthu akuonera kuchipinda kwake kenaka n'kumunyogodola pagulu. Koma nthabwalayo idanyamula maganizo amene amabwera chaka ndi chaka Khrisimasi ikamayandikira, oti munthu wanzeru zake sangasangalale ndi filimu yamtunduwu pokhapokha ngati china chake chidasokonekera pamoyo wake. Ine maganizowa sindigwirizana nawo. Anthu okonda mafilimu achikondi a pa Khrisimasi amazidziwa bwino zofooka za mafilimuwa, mwinanso kuposa amene amawaseka, ndipo zimene amanena akatha kuonera n'zofunika kuzitchera khutu.

Nkhani ya filimuyi ndi yaifupi. Amber, mtsikana wolakalaka kukhala mtolankhani wodziwika ku New York, watumidwa kudziko lopeka lotchedwa Aldovia kuti akalembe za kalonga Richard, yemwe akuzengereza kulowa ufumu wa malemu bambo ake. Amber alowa kunyumba yachifumu monamizira kuti ndi mphunzitsi wa Emily, mlongo wake wa kalongayo. Zotsatira zake ngakhale mwana angazilosere: awiriwo ayamba ndi kusamvana, kenaka agwa m'chikondi, bodza liululika, asiyana, ndipo usiku wolowa m'chaka chatsopano Richard atulukira ku New York atanyamula mphete. Rose McIver ndi Ben Lamb ndiwo adasewera mbali ziwirizi, ndipo nyumba yachifumu imene imaonekayo ndi Peleș Castle ya ku Romania. Filimuyi idakondedwa mwakuti Netflix idatulutsa yachiwiri, ya ukwati, mu 2018, ndi yachitatu, ya kubadwa kwa mwana, mu 2019. Chibwenzi, ukwati, mwana. Palibe amene adadzidzimuka.

Tsono mukamvetsera anthu amene adaikonda, sanena kuti ndi filimu yapamwamba. Amavomereza okha kuti adadziwa mathero ake mphindi zoyambirira zisanathe, amaseka kuti anthu a ku Aldovia amalankhula Chingerezi cha ku Britain popanda chifukwa, amadabwa kuti nyumba yachifumu ingalandire mphunzitsi osamufunsa n'chiphaso chomwe, ndiyeno amamaliza ndi kunena kuti adzaioneranso chaka chamawa. Wonyoza amati uku n'kudzitsutsa. Koma taganizirani mwana amene wakhala pamoto madzulo, agogo akangoti "padangokhala" iye n'kuyankha kuti "tili tonse". Mwanayo akudziwa kale kuti Kalulu apulumuka ndipo Fisi achita manyazi. Sanabwere kudzamva mathero. Wabwera kudzamva mmene agogo ayendetsere nthanoyo lero. Ndipo agogowo akayerekeza kumupha Kalulu pofuna kuonetsa luso, mwana adandaula, ndipo kudandaula kwakeko n'koyenera, chifukwa pangano laphwanyidwa. Oonera mafilimu a Khrisimasi nawo ali ndi pangano ndi opanga mafilimuwo, ndipo muyeso wawo ndi woti kodi panganolo lasungidwa bwino motani. N'chifukwa chake sayamikira chilichonse chimene chabwera. Amasiyanitsa filimu imene mnyamata ndi mtsikana akuoneka kuti akukhalana ndi ina imene awiriwo akuyang'anana ngati angokumana pamzere wa kubanki. Amakwiya ngati mkangano wolekanitsa okondanawo ndi woti ukadatha ndi funso limodzi lokha. Munthu wosiyanitsa zinthu chonchi sanagonekedwe tulo.

Otsutsa amati mafilimuwa ndi malonda basi, ndipo apa pali choonadi. Wailesi ya kanema ya Hallmark Channel, yomwe mwini wake ndi kampani yogulitsa makadi a mafuno abwino ya ku Kansas City, idayamba ndondomeko yake ya Countdown to Christmas mu 2009, ndipo pofika 2019 kampaniyi inkatulutsa mafilimu atsopano a Khrisimasi okwana 40 panyengo imodzi. Ambiri amajambulidwa m'masabata awiri kapena atatu okha, kawirikawiri ku Canada komwe boma limachepetsera msonkho opanga mafilimu, ndipo nthawi zina m'miyezi yotentha, osewera atavala majekete ochindikala thukuta lili kamukamu, ataima pa chipale chofewa chongopanga. Nkhope zake ndi zomwezomwezo. Lacey Chabert yekha wasewera m'mafilimu ambirimbiri a Hallmark. Zonsezi n'zoona, koma zikutsimikiza chiyani? Kuti chinthu chapangidwa mwachangu ndi cholinga chopeza phindu sizitanthauza kuti wochigula wapusitsidwa. Wopusitsidwa ndi amene walonjezedwa china n'kupatsidwa china. Pano chithunzi chotsatsira filimu chimaneneratu zonse: mwamuna ndi mkazi, wina wavala zofiira wina zobiriwira, kumbuyo kuli mtengo wa Khrisimasi. Kunena zoona, mafilimu ena odya ndalama zankhaninkhani, odzitcha ozama, ndiwo amanamiza anthu kwambiri kusiyana ndi amenewa.

Chitsutso china ndi cholemera. Ena amati mafilimuwa amaphunzitsa zabodza za chikondi, ndipo makamaka amanyozetsa ntchito ya mkazi. Nkhani yofala ndi ya mayi wochita bwino mumzinda waukulu amene wabwerera kukatauni kakwawo pa Khrisimasi, wakumana ndi mnyamata wogulitsa mitengo kapena wophika makeke, ndipo pakutha pa sabata wazindikira kuti udindo umene adauvutikira zaka zambiri ulibe phindu. Izi sindingazikane, ndipo oonera ambiri aakazi ndiwo amayamba kuzidzudzula. Pa A Christmas Prince pali vuto linanso: chikondi chonse chakhazikika pa bodza la mtolankhani amene walowa m'nyumba ya eni mwachinyengo ndi kufufuza m'mapepala awo achinsinsi, ndipo filimu imamukhululukira mosavuta. Komabe n'kulakwa kuganiza kuti munthu wamkulu amatenga malangizo a banja kuchokera ku Aldovia. Mayi amene wadzuka m'mamawa, wagwira ntchito tsiku lonse, waphikira ana, ndiye usiku wakhala pampando kuonera kalonga akufunsira mbeta, amadziwa mtengo wa moyo kuposa wolemba nkhaniyo. Sadzasiya ntchito mawa kuti akasake kalonga. Mantha oti anthu wamba, makamaka amayi, satha kusiyanitsa nthano ndi moyo adayamba kale, adanenedwapo za mabuku achikondi ndi masewero a pawailesi, ndipo kawirikawiri amaulula zambiri za mmene woopayo amaonera anzake. N'zodabwitsanso kuti bambo woonera filimu ya nkhondo, momwe munthu mmodzi agonjetsa gulu lonse la asilikali chipolopolo osamukhudza, safunsidwa kuti adamupweteka mtima ndani.

Nyengo yake nayo ili ndi mbali. Disembala si mwezi wopepuka monga amauonetsera otsatsa malonda. Ndi mwezi wowerengera ndalama zosakwanira, wokumbukira amene chaka chatha adali nafe koma lero kulibe, wokumana ndi achibale amene simumvana. Kumaiko a kumpoto, kumene mafilimuwa amachokera, dzuwa limalowa msanga ndipo kuzizira kumatsekera anthu m'nyumba. Munthu akasankha ola limodzi ndi theka momwe palibe aphedwe, palibe atukwanidwe, ndipo agogo ndi zidzukulu angaonere pamodzi popanda wina kuthamangira kukazimitsa, wasankha mwanzeru chimene akufuna nthawi imeneyo. Kupuma si kuthawa nkhondo.

Pali dandaulo limodzi lomwe ndimaligwirizana nalo kwathunthu, ndipo lidachokera kwa oonera eni ake. Kwa zaka zambiri dziko la mafilimuwa lidali la azungu okhaokha. Munthu wakuda akaoneka, amakhala mnzake wa mwini nkhani, ntchito yake kumulimbitsa mtima basi. Hallmark idadzudzulidwa kwambiri pa izi, ndipo mu 2018 idatulutsa mafilimu ngati Christmas Everlasting, momwe Tatyana Ali ndiye mwini nkhani. Onani kuti odandaulawo sadapemphe kuti mathero asinthe kapena kuti nkhani zikhale zowawa. Adapempha kuti nawonso aloledwe kulowa m'nthano yomweyo. Kuno ku Africa yankho lidabwera mu 2021 pomwe Kunle Afolayan wa ku Nigeria adatulutsa A Naija Christmas pa Netflix. Mulibe chipale chofewa kapena kalonga. Muli mayi (mbali imene adasewera Rachel Oniga, yemwe adamwalira filimuyo isanatuluke) amene watopa ndi umbeta wa ana ake atatu aamuna ndipo akufuna mpongozi pofika Khrisimasi. Anyamatawo ayamba mpikisano wopeza akazi. Mafupa a nkhani ndi omwe aja, koma chikondi pano si cha anthu awiri okha. Muli mayi, tchalitchi, chuma cha banja ndi abale olowerera, zinthu zimene Mmalawi wozolowera mafilimu a ku Nigeria amazizindikira msanga kusiyana ndi mavuto a ufumu wa Aldovia. Khrisimasi yathu ya mvula, chimanga chili m'mawondo, mpunga ndi nkhuku zili pamoto, mabasi atadzaza anthu opita kumudzi, ili ndi nkhani zotere zosawerengeka, ndipo opanga mafilimu athu asachite manyazi kuzijambula poopa kuti wina adzati n'zopepuka.